Pakhonde pa Azakhali: Akapitawo Ayamba Kujomba

Azakhali,

Ndine mayi wa ku Chinakanaka kuno ku Mulanje. Bambo a kunyumba kwangaku ali ndi zaka 64, adapuma ntchito ya ukapitawo ku esiteti ya tiyi. Kwa zaka ziwiri akhala akuvutika ndi mkodzo, usiku kudzuka kasanu, koma ndikafunsa ankati ndi tiyi wamadzulo. Adalola kupita kuchipatala tsiku limene mkodzo udatsekeratu, mpaka adawaika paipi. Atatitumiza ku Blantyre adawayeza magazi, kuwadula kanyama, n'kutiuza kuti ndi khansa ya prostate. M'buku mwawo adalemba PSA 38, Gleason 8, koma sikani idaonetsa kuti sinafike m'mafupa. Adokotala adawabaya jakisoni wa pamimba, akuti azibayitsa miyezi itatu iliyonse, ndipo pakapita miyezi ingapo akayambe radiotherapy ku Lilongwe.

Jakisoni wachiwiri sadapite, Azakhali. Akuti woyamba uja adawalanda ubambo, ndiye panopa akungotafuna gondolosi. Mnzawo wa pabawo adawauza kuti khansa imeneyi ndi yaulesi, azungu adafufuza n'kupeza kuti munthu amafa ndi zina iyo ili chigonere. Akutinso ngati adokotala eni akewo akuti tidikire miyezi, ndiye kuti palibe changu. Za ku Lilongwe akuti aziona akagulitsa nandolo, akavina tchopa ku Chonde mu October, ndiponso akamanga chiliza cha amalume awo. Akuti ngakhale apite, sangakhaleko mwezi wathunthu, azibwera kudzaona mbuzi. Kodi n'zoona kuti matendawa sathamanga? Ine mutu waima.

Wothedwa nzeru, Chinakanaka.

Mwana wanga,

Kalata yakoyi ndaiwerenga kawiri. Ulendo woyamba ndidaseka mpaka kutsamwa ndi tiyi. Ulendo wachiwiri maso adakaima pa manambala aja, 38 ndi 8, kuseka n'kutha.

Koma tiyambe ndi kusekako, poti n'kwaulere. Akamwini athuwa si aja ankaima kumapeto kwa mzere wa tiyi, pensulo ili kukhutu, munthu akafika dzuwa litatuluka n'kumudula tikiti? Si aja ankati chiperoni si chifukwa, maliro a kwa aneba si chifukwa? Lero adokotala awalembera tsiku limodzi lokha pa miyezi itatu, akapitawo ajomba. Amayi onse amene adadulidwa tsiku ku esiteti kuja atamva, nthungululu zake zingamveke kuchokera pa Chitakale mpaka ku Muloza.

Uwaitane akhale pampando, uwawerengere izi mokweza. Njinga uyambe wabisa.

Akamwini, ndiyamba ndi kukuvomerani pang'ono, poti mwamuna ukamutsutsa pa mawu oyamba makutu amatseka. Mnzanu wa pabawo sadaname kwenikweni. Adangotola jekete la eni ake pa kaunjika n'kukuvekani osayang'ana saizi. Kafukufuku amene akunenayo alipodi, dzina lake ProtecT, ndipo adachitikira ku Britain. Adatenga amuna 1,643 opezeka ndi khansa ya prostate n'kuwagawa patatu: ena opaleshoni, ena radiotherapy, ena kumangowayang'anira. Zotsatira za zaka 15, zimene zidatuluka mu 2023, zidaonetsa kuti amene adafa ndi khansayi adali pafupifupi atatu okha pa 100 alionse, ndipo magulu atatuwo sadasiyane kwenikweni. Mpaka apa mnzanuyo wadya.

Koma kandimverere adakanena za m'maluwa. Amuna amenewo khansa yawo idapezeka iwo asakumva kalikonse, poyeza magazi basi. Ambiri PSA yawo, nambala yotuluka poyeza magaziyo, idali yosafika 10, ndipo wa PSA yofika 20 sankamulowetsa m'kafukufukuyo. Inu ndi 38 yanuyo akadakubwezerani pageti. Komanso kuyang'anira kwake sikudali kokhala pakhonde n'kumatafuna mizu ayi. Ankawayeza magazi pafupipafupi, khansa ikangoonetsa kuti yadzuka n'kuyamba chithandizo, moti pofika zaka 15 ambiri a gulu limenelo adali atachitidwa opaleshoni kapena radiotherapy. Ndi kuyang'anira konseko, khansa idafalikira mwa anthu 9 pa 100 a gulu limenelo, pamene m'magulu ena awiri aja idafalikira mwa anthu pafupifupi 5 pa 100. Mbali iyi pabawo sadakuuzeni.

Gleason ameneyu si mankhwala, ndi dzina la munthu. Donald Gleason adali dokotala wa ku Minneapolis ku America, amene m'zaka za m'ma 1960 adakonza njira yopimira ukali wa khansayi poyang'ana kanyama kaja pa maikulosikopu. Masiku ano m'mabuku a odwala amalemba kuyambira 6 kulekeza 10. Ya 6 ndi galu wokalamba wogona paphulusa, mwina mpaka mudzaikidwe asadakuuweni, ndipo amuna ambiri a ku Britain aja yawo idali imeneyi. Ya 7 ili pakatikati. Kuyambira 8 ndi galu woluma osauwa. Madokotala akaona Gleason 8, kapena PSA yopitirira 20, amamuika munthu m'gulu la khansa yaukali. Inu mwakhoza mayeso onse awiri, n'kale lomwe mudali anzeru.

Kanthu tikukambaka n'kakang'ono, kukula kwake ngati suku limodzi. Kali kunsi kwa chikhodzodzo, njira ya mkodzo n'kudutsa pakati pake, ndipo ntchito yake ndi kupanga ena mwa madzi a umuna. Mwamuna akamakula kamatupa n'kumafinya njira ija, ngati munthu waponda paipi ya kudimba. Nthawi zambiri kutupako si khansa, ndi ukalamba chabe, koma zimenezo sungazidziwe uli pakhonde. Khansa yeniyeniyo poyamba simveka. Ili ngati kaufiti: pamene ukuona duwa lake lofiira, chimanga adachiyamwa kale pansi. Choncho kuchedwa kwakukulu m'nkhani yanuyi kudachitika kale, ndi zaka ziwiri zija za tiyi wamadzulo. Sindikukalipirani, amuna onse ndi momwemo, amalolera kubisa kachidebe kunsi kwa bedi kusiyana n'kumasula lamba pamaso pa dokotala. Mbewa ya manyazi idafera ku una. Inu mwatuluka mochedwa, koma mwatuluka.

Ndipo mwatuluka ndi mwayi umene amuna ambiri kuno safika nawo kuchipatala. Mawu odula m'kalata yonseyi ndi awa: sinafike m'mafupa. Mavu amawatentha akadali pachisa chimodzi. Akabalalika n'kukamanga kudenga, kunkhokwe ndi kukhola, muuni umodzi sukwana. Radiotherapy imachiza pamene khansa ikadali pamalo amodzi, pamene makina angalozepo. Ikangotuluka n'kukakhala m'mafupa a msana ndi m'chiuno, komwe khansa iyi imakonda kuthawira, adokotala sanenanso za kuchiza, amanena za kuigwira kuti isathamange ndi kuchepetsa ululu. Munthu amakhalabe ndi moyo, ena zaka zingapo ndithu, koma ndi ulendo wina. Palibe amene angakuuzeni tsiku limene mavu anu adzauluke. Sikani ija idajambula za tsiku lomwelo, si chikalata cha munda choti chizigwirabe ntchito mpaka zidzukulu.

Tsopano funso lanu la nzeru lija: ngati adokotala eni ake akuti tidikire, changu n'chachiyani? Akapitawo, inu mukudziwa kusiyana kwa wantchito amene mwamuuza kuti adikire pasikelo ndi amene wagona kunyumba. Onse awiri sakutchola tiyi, koma wina ali pantchito. Miyezi imene adakupatsaniyo si tchuthi. Jakisoni uja ndiye chithandizo chimene, chidayamba kale tsiku lomwe adakubayani.

Mu 1941 dokotala wina wa ku Chicago, Charles Huggins, adaonetsa kuti khansa ya prostate imadya testosterone, mahomoni achimuna opangidwa m'machende, ndipo ukaimana chakudya chimenechi imafota. Adalandira nazo mphoto ya Nobel mu 1966. Jakisoni wa pamimbayo, amene nthawi zambiri amakhala goserelin, amatseka nkhokwe imeneyo. Khansa ikagona ndi njala imachepa, PSA imatsika, ndipo radiotherapy ikabwera imapeza mdani wofooka kale. Kuti ziwirizi ndi mkamwini ndi khasu, zosasiyana, adazionetsa madokotala a ku Ulaya motsogozedwa ndi Michel Bolla wa ku Grenoble. Adatenga amuna 415 a khansa yaukali, ena n'kuwapatsa radiotherapy yokha, ena radiotherapy ndi jakisoni wa zaka zitatu. Patatha zaka 10, a radiotherapy yokha adatsala amoyo 40 pa 100, a ziwiri zonse 58 pa 100. Inu munkawerenga makilo a tiyi, chotserani nokha.

Nkhani ya kudikira nayo adaifufuza mbali zonse ziwiri. Mu 2005 madokotala a ku Boston adaona amuna a khansa yaukali amene adalandira radiotherapy popanda jakisoni: amene adachedwa kuyamba ndi miyezi iwiri ndi theka kapena kuposa, ambiri PSA idawakwereranso poyerekeza ndi amene adayamba msanga. Mu 2020, nthawi ya Covid pamene zipatala zinkasuntha masiku a odwala, ena adaunika mabuku a amuna oposa 63,000 ku America, n'kupeza kuti amene adayamba radiotherapy mpaka miyezi 6 chiyambireni mankhwala a mahomoni, moyo wawo sudafupike poyerekeza ndi anzawo. Mwamva? Kudikira uli pajakisoni ndi kwa pasikelo. Kudikira wopanda jakisoni ndi kogona kunyumba. Inu jakisoni mwasiya, radiotherapy simunayambe. Mphamvu ya jakisoni wa miyezi itatu ikatha, testosterone imabwerera pang'onopang'ono, nkhokwe yatseguka, ndipo galu uja wa nambala 8 akudya kawiri patsiku.

Za ubambo sindikunamizani, poti mukadzandipeza ndi bodza simudzandimveranso. Jakisoni ameneyu amazimitsadi moto wa kuchipinda. Chilakolako chimachepa, mphamvu imatsika, thupi limatentha mwadzidzidzi ngati la mayi amene akusiya kusamba, thukuta kamukamu kunja kuli chiperoni. Ena kamimba kamatuluka, ena timabere timatupa pang'ono. Kwa khansa ya msinkhu wanuwu amabayitsa kuyambira chaka ndi theka mpaka zaka zitatu. Akasiya, ambiri moto umabwerera pang'onopang'ono, ena umabwerera wochepa, ena subwerera, ndipo radiotherapy nayo imatha kuchepetsako. Alipo mapiritsi amene amathandiza amuna ena, mukafunse adokotala m'malo mogula pamsika wa Limbuli. Amenewo ndiye matope a mvula imene mukuilirayi.

Gondolosi tafunani ngati mukufuna kulimbitsa nsagwada, Alhomwe anzanu sangandimve ndikamunyoza. Koma muzidziwa chimene mukuchita: mukuthira petulo m'galimoto imene adokotala aichotsa batire dala. Ndipo khansa gondolosi simudziwa. Ndikufunseni, akamwini, ubambo umene mukuulirawu mukufuna mukaugwiritse ntchito kuti, kuchipinda kapena kumanda? Mwamuna amene khansa yamugwira msana satembenuka n'komwe pamphasa.

Apa ndibwerere kwa iwe, mwana wanga, uwerenge chamumtima. Mwamuna akati andilanda ubambo, nthawi zambiri akufunsa funso lina limene pakamwa pake sipangatulutse: kodi undisiya? Kodi uzindiseka ndi anzako kumjigo? Mjigo ukhoza kuyankha bwino kuposa iwe ngati ukhala chete. Uwauze usiku, nyali itazima, kuti sudakwatiwe ndi chiwalo chimodzi, ndipo kuti pazaka zonsezi pali zambiri zimene anthu awiri amachita pabulangeti limodzi. Usasamuke kuchipinda. Khansa sipatsirana pogonana, ngakhale pambale. Achibale awo akayamba zoti mkodzo udatseka chifukwa wina adawatchera, usakangane nawo. Uwatenge mmodzi wolongolola kwambiri akakhale gadiyani tsiku limodzi, akamve yekha kwa adokotala.

Akamwini, dzukani, tabwerera kwa inu. Anthu akamati radiotherapy ndi kuwotcha, inu mukuona mbaula ndi fungo la kanyenya. Kulibe moto kumeneko. Poyamba amakujambulani pa sikani kuti ayeze pamene pali prostate, n'kukuikani timadontho pakhungu tolozera. Tsiku lililonse mumamwa madzi amene akuuzani kuti chikhodzodzo chidzaze, mumagona pabedi louma, makina n'kumazungulira akutumiza mphamvu yonga ya X-ray koma yaikulu. Simumva kupweteka, simuona kanthu, mphindi 10 kapena 15 mwatuluka. Simutenga mphamvuyo kupita nayo kunyumba, mdzukulu mumunyamula bwinobwino. Masabata akamapita ena amakodza pafupipafupi, kumva kutentha pokodza, m'mimba kutsegula pang'ono, ndi kutopa. Zambiri mwa izi zimatha pakapita masabata angapo chimalizireni.

Mlingo wonse saupereka tsiku limodzi. Amaugawa tizigawo, Lolemba mpaka Lachisanu, kuti minofu yabwino ya chikhodzodzo ndi matumbo izipeza mpata wodzikonza usiku, pamene maselo a khansa, amene sadziwa bwino kudzikonza, akunka nafa. Kale unali ulendo wa masiku 37 kapena kuposa, pafupifupi masabata asanu ndi atatu. Kafukufuku wina wa ku Britain wotchedwa CHHiP, wa amuna oposa 3,200, adaonetsa mu 2016 kuti masiku 20 m'masabata anayi, mlingo wa tsiku uli wokulirapo, amagwira ntchito mofanana. Umene ukuyenerani inu asankha ndi adokotala anu, si pabawo.

Ndiye mukuti muzibwera kudzaona mbuzi. Munthu amene adayang'anira minda ya tiyi akudziwa kuti kupalira theka la munda n'kupita kumowa masabata atatu, pobwera umayambiranso pamzere woyamba. Mlingo uja adauwerengera kuti ulowe wonse, m'masiku akutiakuti. Mukaduladula, maselo ovulala amapeza mpata wochira ndi kuswana, ndipo mukalekera panjira ndiye mwangoipsa mavu. Ndinene chilungamo: khansa ya prostate imakhululuka kuposa ya khomo la chiberekero kapena ya pakhosi. Makina akafa tsiku limodzi, kapena pakagwa holide, musakomoke, adokotala amadziwa kubwezera kwake. Dzedzeredzedzere salingana ndi kugweratu. Koma tsiku lodumpha makina ndi lina, sabata yodumpha inu chifukwa cha chiliza ndi ina. Amalume anuwo sathawa, adikira simenti yawo modekha kuposa wina aliyense m'banja mwanu. Tchopa naye chaka chamawa aliko, ng'oma za ku Chonde sizinayambe zajombapo chifukwa choti inu kulibe.

Nelson Mandela adapezeka ndi khansa yomweyi mu 2001 ali ndi zaka 83, adalandira radiotherapy masabata asanu ndi awiri, ndipo adakhala mpaka 2013, zaka 95. Desmond Tutu adapezeka nayo mu 1997, adamwalira mu 2021 ali ndi zaka 90. Sindikuti khansa yawo idali yofanana ndi yanu, kapena kuti chipatala chawo ndi chanu. Ndikungoti munthu amene dziko lonse lapansi linkamuitana adapeza masabata asanu ndi awiri. Inu amene akukuitanani ndi mbuzi zinayi.

Ndipo mudziwe kuti mzere umene mukuuseweretsawu anzanu adaulirira zaka. Posachedwapa pomwepa, nkhani ya radiotherapy m'Malawi idali ya pasipoti. Wodwala ankadikira dzina lake lituluke kuti apite ku India, ku Dar es Salaam kapena ku South Africa, ena ankadzikokera okha ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka, imene anzathu a ku Zambia adatsekula mu 2007. Ambiri ankamwalira kalata ili m'faelo. Makina oyamba m'dziko muno adayamba mu 2024 ku International Blantyre Cancer Centre, chipatala cholipira chimene adamanga a Thomson Mpinganjira. A boma adabwera mu 2025 ku National Cancer Centre, pa Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, mothandizidwa ndi bungwe la IAEA. Malo awiri, anthu oposa 20 miliyoni. Tsiku limene akupatsani kumeneko pali mayi wina wa ku Chitipa amene akanalilandira ndi manja awiri. Mukalitaya, musayembekezere kuti mawa lake mukalipeza likukudikirani ngati kabaza wa pa Nkando.

Pali chinthu chimodzi chimene sindiseka nacho. Mchimwene wanga wina ankadandaula msana miyezi ingapo, tonse n'kumati ndi khasu. Lachisanu lina miyendo idayamba kulemera, dzanzi kukwera kuchokera kumapazi. Tidati tione Lolemba. Lolembalo tidamunyamula pamachira, ndipo sadayendenso. Khansa ikafika pamsana imatha kufinya mtsempha waukulu wa m'kati mwa fupa, ndipo pamenepo nkhani siikhala ya miyezi, ndi ya maola. Amene walandira chithandizo akuyendabe, kawirikawiri amapitiriza kuyenda. Amene wafika miyendo itafa kale, n'kovuta kuidzutsa. Choncho mwana wanga, msana ukayamba kupweteka mosalekeza makamaka usiku, miyendo ikafooka kapena kuchita dzanzi, akayamba kudzionongera osazindikira, kapena mkodzo ukatsekanso, usadikire kuche bwino. Kaya ndi ku chipatala cha boma pa Mulanje, kaya ku Mission, upite tsiku lomwelo ndi buku lawo, ndipo mawu oyamba pakhomo akhale oti bambowa ali ndi khansa ya prostate.

Poti ndakugwira kale, nawenso ndikufunse: iwe wolembera anzako makalata, khomo la chiberekero udayezetsa liti? Kafukufuku amene adatuluka m'magazini ya madokotala ya BMJ mu 2020 adaunika mitundu isanu ndi iwiri ya khansa, ya bere ndi ya khomo la chiberekero zili momwemo, n'kupeza kuti kuchedwa kwa masabata anayi okha kumakweza chiopsezo cha imfa. Ya prostate simudali m'gulumo. Zanu amayi sizidikira nandolo. Ndipo anyamata ako ndi azichimwene a bambowa uwauze nkhaniyi, asaimve pamaliro. Amene bambo kapena mchimwene wake adadwala khansayi chiopsezo chake chimakhala pafupifupi kawiri, ndipo ku Britain amawerengera kuti mwa amuna akuda anayi, mmodzi adzapezeka nayo pa moyo wake, pamene mwa amuna onse ndi mmodzi mwa asanu ndi atatu. Akafika zaka 45 akakambe ndi dokotala za kuyeza PSA. Chala cha dokotala chopimira prostate chija amachiopa ngati mkondo chimatha msanga kuposa kusainira tikiti.

Nandolo ndiye sindimunyoza, poti pansi pa zifukwa zonse za akamwini pali chimodzi choona: ndalama. Chithandizo cha boma salipira, koma minibasi ya Midima mpaka ku Limbe amalipira, basi ya ku Lilongwe amalipira, ndipo mwezi wathunthu wodwala ndi gadiyani sadya mphepo. Ndiye nkhani imeneyi isakhale ya anthu awiri m'nyumba. Uitane ana, uitane eni mbumba, uuze a kumpingo ndi a kubanki m'khonde, mudziwe amene ali ndi m'bale ku Kawale kapena ku Area 25 woti n'kusunga anthu awiri. Nandolo akolola ana, sikelo ya mavenda sifunsa kuti wakolola ndani. Sabata ino bambowa abwerere kumene adabayitsa, akanene zoona kuti jakisoni adadumpha ndi masabata angati, osachotsera. Mwina akawayezanso PSA, mwina akabwerezanso sikani, zimenezo n'za adokotala. Asadatuluke m'chipindamo mufunse tsiku la jakisoni wotsatira, tsiku la ku Lilongwe, masiku angati, ndi nambala yoti muimbe ngati masikuwo afika kuli zii. Ulembe pakalendala ya pakhoma, ija ya kampani ya feteleza, ndipo pensulo ya kukhutu ija tsopano ikhale yako.

Mbuzi zinayi zija, ziwiri zigulitsidwe zikhale thiransipoti. Ziwiri zotsalazo mdzukulu azizijambula pa WhatsApp Loweruka lililonse, akapitawo aziziwerenga ali ku Lilongwe. Undilembere tsiku limene abayitsa, ndipo njinga uwabwezere akakuonetsa pamimba.

Ndine Azakhali ako.